Maphukusi a ku Malta

Mwana wathu anabwera ndi nkhani ya Malta mu February, Loweruka masana, kunja kukugwa kamvula kathu ka ku Glasgow kamene sikanyowetsa msanga koma sikasiyanso. Tinali kukhitchini m'fulati yathu ku Dennistoun. Mayi a kunyumba ankasita yunifolomu ya kuntchito, ine ndikusenda mbatatesi, ntchito imene ndinaiphunzira kuno ndevu zitamera kale. Mwanayo anakankhira makoko pambali, n'kuika laputopu patebulo, n'kutionetsa chithunzi cha mzinda wa miyala yachikasu, madzi atauzungulira.

"Ndabukitsa kale," anatero. "Ife atatu, sabata imodzi, mu June. Musanayambe kukana, matikitiwo ndi osabweza."

Ananena m'Chingelezi chake cha kuno, chija chomeza mawu theka. Chichewa amamva chonse, ngakhale chimene sitifuna kuti amve, koma poyankha amasankha yekha chilankhulo.

Ine funso linangotuluka lokha. "Kuli ndani ku Malta?"

"Kulibe aliyense, adadi. N'chifukwa chake ndasankha kumeneko."

Ndi mwana wamkazi, mmodzi yekhayo amene tili naye. Anabadwira konkuno, ndipo ndi dokotala wa ziweto, ngakhale kuti ziweto zake zambiri ndi agalu ovala majuzi ndi amphaka onenepa. Chaka chimenecho anali atapeza ntchito ku Australia, yosamalira ng'ombe ndi nkhosa zenizeni, yoti akayambe mu September. Ankati ndi ya zaka ziwiri zokha. Ine ndi amayi ake tinkangoyang'anana, chifukwa nafenso kuno tinabwera kudzakhala zaka ziwiri.

"Chibadwire changa," anapitiriza, "sitinapiteko kulikonse atatu popanda munthu wokamuona. Ndikufuna sabata imodzi yokha ndi inu ndisanapite. Basi."

Ndinafuna kutsutsa. Kumene ndinakulira munthu sayenda wamba. Ukaona wina wasamba m'mamawa n'kunyamula chikwama, ndiye kuti kwinakwake kwagwa maliro, kapena kuli ukwati, kapena m'bale wagonekedwa kuchipatala. Woyenda kukangoona malo tinkamuyesa wosowa chochita. Titabwera kuno, tchuthi chilichonse chimene tinkakwanitsa chinali chopita kumudzi, ndipo tinkapita ndi pepala la mayina. Masabata anayi ankathera pabalaza pa anthu. Mwana wathu anakula akugwada kupereka moni, kenako n'kukhala pampando miyendo ili lende, botolo la chakumwa lili m'manja, akuluakulu tikufunsana za odwala. Phiri la Mulanje analiona kangapo, koma nthawi zonse pawindo la galimoto, tikuthamangira kwa azakhali ena dzuwa lisanalowe. Ine ndinkaona kuti ndikumupatsa abale, ndipo mpaka lero sindikuti ndinkalakwitsa zonse.

"Inu ndinu a mabasi," anatero akutseka laputopu. "Mukonze za kumene tizikapita tsiku lililonse. Tikafika Lamulungu madzulo, tidzabwerera Loweruka. Koma Lachisanu mulisiye choncho. Musalembepo kanthu."

Apa ndiye anandipeza. Ndayendetsa basi mumzinda uno zaka zambiri, ndipo ngati pali chimene ndimadzitama nacho, ndi kusunga nthawi. Munthu wochedwa amandipsetsa mtima kuposa wondidumpha pamzere. Lolemba lotsatira ndinakasindikiza mapu ku laibulale ya pafupi ndi Duke Street. Ndinatenga kalendala yakale, n'kuitembenuza, n'kujambula ndi rula mabokosi asanu. Kudepoti, anzanga akamadya mabanzi awo a soseji pa nthawi yopuma, ine ndinkakhala pakona ndi foni, kuloweza manambala a mabasi a dziko limene sindinalipondepo. Ndinapeza kuti amayendetsa kumanzere ngati anthu olongosoka, ndipo mabasi ambiri amanyamukira malo amodzi, kunja kwa chipata cha likulu lawo. Ndinayamba kuwalemekeza ndisanawaone.

Pofika kumapeto kwa March pulogalamu inali itaima. Lolemba, Valletta, likulu lija la pachithunzi. Lachiwiri, Mdina, mzinda wakale wa mipanda umene amati ndi wachete. Lachitatu, kuwoloka pa sitima kupita ku Gozo, kachilumba kena kapafupi. Lachinayi, mudzi wa asodzi kummwera, kumene mabwato ake amawapaka utoto wamitundumitundu. Ndinalemba ndi pensulo nthawi yonyamuka, posinthira basi, mbali yokhala kuti dzuwa lisatiwombe, ngakhalenso pamene mayi a kunyumba angapumire, chifukwa mawondo awo ndi masitepe sizimvana. Bokosi la Lachisanu lokha ndi limene linali mbee. Linkandisowetsa mtendere ngati pamene paguluka dzino, lilime limangopitapo.

Masiku amenewo anali okoma, ndisaname. Tikamaliza kudya tinkayala kalendala ija patebulo. Mwana ankatsegula zithunzi za malo amene ndalemba, amayi ake n'kumangofunsa funso limodzi pa malo aliwonse, ngati pali pokhala. Ine ndinkafotokoza za mabasi mpaka onse awiri kuyamba kuyasamula. Tsiku lina mwanayo anandigwira paphewa n'kunena kuti ndikanakhala wotsogolera alendo. Ndinamuyankha kuti asandinyengerere, koma mumtima ndinamva kukoma tsiku lonse lotsatira.

Kulakwa kwanga kunayambira pa ulemu. Munthu sungachoke pakati pa anzako osatsanzika. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu lina mu April, tikumwa tiyi m'holo mapemphero atatha, ndinauza anzathu ochokera kwathu kuti mu June sitidzaoneka sabata imodzi.

"Mukupita kumudzi? Kwagwanji?"

"Ayi, kulibe chovuta. Tikupita ku Malta."

Posakhalitsa aliyense anayamba kukumbukira. Ife Amalawi tili ngati mpiru wotayika, timamera paliponse. Mkulu mnzanga, bambo amene takhala naye pa benchi limodzi zaka zambiri, anati mwana wa mlamu wake akuphunzira kumeneko, ndipo amakhala kufupi ndi Mdina. Mayi wina wa kwaya anati kuli banja lina la kwawo ku Ntcheu, anthu abwino zedi, awauza kuti tikubwera. Amayi ena achikulire a ku Govan, amasiye amene anabwera kuno kudzalera zidzukulu, sananene kanthu pagulupo. Anadikira kuti anthu abalalike, n'kundigwira mkono pakhomo.

"Bambo, mwana wanga wotsiriza ali ku Gozo. Amaphika muhotela. Ndikakupatsirani kaphukusi kakang'ono?"

"Palibe vuto, amayi. Gozo ili kale pa pulogalamu."

Kaphukusi kakang'onoko kanabwera Lamulungu lotsatira m'jumbo ziwiri. Munali nsinjiro, usipa wouma umene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi, ndi juzi yaubweya yoluka okha, yopita ku dziko limene anthu amadandaula ndi kutentha. Mkulu mnzanga anabweretsa foni m'bokosi lake ndi zitenje ziwiri. Pakati pa sabata ndinalandira foni kuchokera ku Malta. Anali bambo wa banja la ku Ntcheu lija, mawu ake osangalala ngati tinakulira limodzi.

"Achimwene, simungafike mpaka kuno osaponda pakhomo pathu. Tsiku lanji muli omasuka?"

Ndinayang'ana kalendala. Panali tsiku limodzi lokha lomasuka, ndipo pensulo inali kale m'manja.

Ndinene zoona, sindinamve ngati ndikulakwa. Ndinamva ngati ulendo wayamba kulongosoka. Maphukusi ndinawabisa m'kabati ya pakhonde, pamene timasunga makhoti, osati chifukwa cha mantha koma kuti ndidzaulule zonse pamodzi zitakonzeka bwino. Ndinafufuta apa ndi apo. Lachiwiri Mdina ndinaichepetsera maola awiri kuti masana tikakhale ndi mwana wa mlamu uja. Lachitatu ndinachotsa gombe limene mwana wathu analisankha yekha, n'kuikapo hotela ya mwana wa amayi a ku Govan. Lachisanu ndinalemba ndi zilembo zazikulu: nkhomaliro kwa a ku Ntcheu. Mabasi onse ankagwirizana bwinobwino, ndipo ndinadziona ngati dolo.

Usipa ndi umene unandiulula. Loweruka lina m'mawa mwana anatsegula kabati kufuna khoti lake, n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Adadi, muno mwafa chiyani?"

Ndinaona kuti nthawi yakwana. Ndinayala kalendala patebulo, n'kuyamba kufotokoza ndi chala, tsiku ndi tsiku, monga ndinkachitira kale. Ndinanena kuti zonse zili m'njira, sitikhota pena paliponse. Ndinanena kuti tikadya chakudya cha kwathu ngakhale tili kutali. Ndili pakati pofotokoza za Lachisanu ndinazindikira kuti ndikulankhula ndekha.

Mwanayo sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanadziwa poyankha. Anayang'ana bokosi la Lachisanu nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, adadi. Zili bwino." Anavala khoti lonunkha usipa lija n'kutuluka. Tinamva mapazi ake akutsika masitepe mpaka chitseko chapansi chinatsekeka.

Mayi a kunyumba anapitiriza kupukuta mbale imodzi yomweyo.

"Nenani," ndinatero. "Ndikuona kuti muli nazo."

"Ndinene chiyani, bambo? Mwana anakupemphani masiku asanu. Inu mwawagawira mpingo."

Ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima ndimalankhula ngati ndili paguwa. Ndinati kukana phukusi la munthu ndi mwano. Ndinati ana obadwira kuno amafuna kukhala ngati alibe mtundu. Ndinafunsa kuti ndidzawayang'ana bwanji anthu kutchalitchi. Kenako ndinanena chimene chinali pansi pa zonsezo, chimene mayi a kunyumba ankachidziwa kale. Chaka changa choyamba kuno ndinali ndekha, m'kachipinda kozizira, ndisanapeze njira yowaitanitsira iwo. Tsiku lina kunagogoda bambo amene sindinamuonepo. Anakwera sitima kuchokera ku Edinburgh pa tsiku lake lopuma kudzandipatsa kajumbo kochokera kwa amayi anga. Munali nsinjiro ndi kalata. Anakhala theka la ola, n'kumwa tiyi wopanda mkaka, n'kubwerera. Dzina lake ndinaliiwala, koma chisanu chimenecho ndinachipirira chifukwa cha iye.

"Ndikudziwa," anatero mayi a kunyumba, mawu awo atafewa. "Koma bambo ameneyo anapereka tsiku lake. Inu mukupereka la mwana."

Ndinapita kukagwira shifiti ya masana, ndipo tsiku limenelo ndinayendetsa basi nditakwiya ndi aliyense, ngakhale agogo amene ankangofufuza khadi lawo m'chikwama. Koma poima pa maloboti mawu aja ankabwerera. September sanali patali. Ndinawerenga Maloweruka otsala, ndipo anakwana m'zala za manja ndi mapazi, zina n'kutsalako. Ndinachita mantha kuti mwana adzakwera ndege ya ku Australia atatsimikiza mumtima kuti kwa bambo ake aliyense amabwera patsogolo pa iye.

Nzeru inabwera pantchito pomwepo. Pa siteji ina mayi wina ankandikodola ali pakhomo la nyumba yake, kutali ndi poimira, ndipo ndinangomulozera chikwangwani. Basi sipita kukhomo kwa munthu. Wofuna kukwera amabwera pa siteji. Ndinaganiza kuti nanenso ndingachite chimodzimodzi. Aliyense wofuna kutiona kapena kulandira katundu abwere Lolemba m'mawa pa depoti yaikulu ija ya ku Valletta, tipatsane moni, tisiyane, sabata yonse yotsala ikhale yathu.

Kuganiza kunali kosavuta. Kunena ndiye kunanditulutsa thukuta. Ndinayamba ndi bambo wa ku Ntcheu. Ndinazungulira ndi moni wautali, kufunsa za ana ndi za nyengo, mpaka mayi a kunyumba anandiponda phazi. Nditanena, bamboyo anaseka.

"Achimwene, ndamva. Nafenso tili ndi wamkulu amene watsala pang'ono kutuluka pakhomo. Tidzabwera pa depoti."

Mkulu mnzanga sanaseke. Ndinamutengera pambali kutchalitchi n'kumufotokozera. Anandimvetsera nkhope ili gwa.

"Ndiye mwana wa mlamu wanga akwere basi kukufunani inu? Mlendo ndi amene amafika pakhomo, abambo. Ngati muli bize, bweretsani, ndidzatumiza pa positi."

Ndinamubwezera foni ndi zitenje zake sabata yotsatira. Analandira ndi manja awiri, mwaulemu wopitirira muyeso, ulemu uja umene umapweteka kuposa chipongwe. Mpaka lero timakhala pa benchi limodzi, koma moni wake unafupika. Zimandiwawa, ndipo sindinganene kuti iye analakwa.

Kwa amayi a ku Govan ndinapita ndekha, Lachinayi masana, nditanyamula jumbo ziwiri zija. Mwana wawo sakanatha kuwoloka nyanja Lolemba m'mawa chifukwa cha ntchito, choncho ndinapita kukabweza. Anandilandira m'fulati ya mwana wawo wamkulu, pawindo pakuoneka makina aatali a pamalo okonzera zombo. Anaona jumbo zija, koma sanafunse. Anandithirira tiyi, n'kukhala moyang'anana nane.

"Nsinjirozo si nkhani, bambo," anatero. "Angazipeze kwina. Koma papita zaka zinayi ndisanamuone. Pafoni amangondionetsa nkhope, n'kumati ali bwino. Ine ndimafuna munthu wa maso akamuone thupi lonse, adzandiuze ngati waonda."

Ndinamwa tiyi uja, n'kutsanzika, n'kutsika masitepe ndi jumbo zanga ziwiri monga ndinakwerera.

Madzulo ake ndinachita chinthu chimene bambo anga sakanachita. Ndinagogoda pachitseko cha mwana wanga n'kupempha chilolezo. Kuyambira Loweruka lija ankandilankhula mwaulemu ngati wokwera basi. Ndinamuonetsa kalendala. Lachiwiri linali litabwerera mwakale. Gombe lake linali litabwerera. Lachisanu linali loyera, kupatula pamene labala inakanda pepala. Kenako ndinamuuza za amayi a ku Govan, mawu awo monga anawanenera.

"Ndalephera kuwabwezera," ndinatero. "Koma ulendo ndi wako, mayi. Ukakana, mawa ndipitanso."

Anakhala pabedi akuyang'ana pepala lokandikalo. Kenako anayankha m'Chichewa, chimene sachita kawirikawiri.

"Theka la ola, adadi. Ndipo usipawo muukulunge kawiri. Usayandikire zovala zanga."

Tinapita. Lolemba m'mawa, pafupi ndi kasupe wamkulu wa pa depoti ya ku Valletta, banja la ku Ntcheu linatipeza lisanakwane ola limene tinapangana, chinthu chimene chinandichititsa kuwakonda nthawi yomweyo. Tinapatsana moni wonse, wa kumudzi ndi wa kuno, titaimirira padzuwa mabasi akutizungulira. Anatipatsa jumbo ya mapichesi. Patapita mphindi makumi awiri bamboyo anayang'ana mwana wathu n'kunena kuti, "Tisakubereni makolo," ndipo anapita.

Ku Gozo tinapeza hotela ija mosavuta. Mwana wa amayi aja, bambo wamkulu ndithu wa ndevu zake, anatulukira kukhomo la kumbuyo atavala epuloni. Nsinjiro ndi usipa anaziika pansi. Juzi ija anaitambasula, n'kuiika kumaso, n'kukhala choncho kanthawi, kunja kukutentha moti phula linkanata ku nsapato. Ine ndinagwira ntchito imene ananditumira. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanali woonda, koma anali wotopa, ndipo ndinaganiza zokanena zonse ziwiri. Mwana wathu ndi amene anamuuza kuti aime bwino amujambule thupi lonse. Theka la ola litakwana ndinaimirira ndekha, popanda wondikumbutsa, ndipo masana onse tinakhala pa gombe la mchenga wofiirira, ine nditapinda buluku mpaka m'mawondo.

Masiku enawo anayenda monga ndinalembera, kupatula kuti mabasi a kumeneko salemekeza ndandanda monga ndinkaganizira. Mdina inalidi yachete. Mayi a kunyumba anapeza pokhala paliponse. Kumudzi wa asodzi tinadya nsomba imene ndinaiweruza kuti ndi yabwino koma yosafika pa chambo, ndipo onse awiri anandiuza kuti nditseke pakamwa ndidye.

Lachisanu ndinadzuka molawirira mwa chizolowezi, n'kusamba, n'kuvala, n'kukhala pampando osadziwa chochita ndi manja anga. Mayi a kunyumba anati iwo tsiku lawo lopanda pulogalamu alithera pakhonde, miyendo ili pampando wina, ndipo wowasokoneza aona zakuda. Mwana anatenga chipewa chake.

"Tiyeni, adadi."

"Kuti?"

"Pa siteji. Basi yoyamba kubwera, tikwera imeneyo."

Kwa munthu ngati ine zimenezi ndi zosokoneza mutu, koma ndinamutsatira. Tinakwera basi imene nambala yake sinali pa kalendala yanga. Ndinadandaula za mmene dalaivala ankapondera mabuleki, mwana n'kundiuza kuti lero sindili pantchito. Tinadutsa minda ing'onoing'ono yotchingidwa ndi mipanda ya miyala, mpaka basi inaima pa kamudzi kena, aliyense n'kutsika. Panali tchalitchi chachikulu kuposa mudziwo, bwalo, ndi kasitolo kokhala ndi matebulo awiri panja. Ndisanakhale pansi ndinapita kukawerenga chikwangwani cha pa siteji. Basi yobwerera inkabwera kamodzi pa ola.

Tinagula khofi ndi timikate totentha ta tchizi. Kenako panakhala chete, ndipo ndinachita manyazi ndi chete ameneyo. Ndimatha kucheza ndi aliyense. Ndikhoza kulowa m'nyumba ya munthu wosamudziwa n'kutulukamo patapita maola atatu tikuitanana achimwene. Koma apa, ndi mwana wanga ndemwe, mafunso amene ndinali nawo anali atatu okha amene ndakhala ndikumufunsa moyo wake wonse: wadya, kusukulu kapena kuntchito kuli bwanji, ubwera nthawi yanji. Onse atatu sankagwira ntchito pamalopo. Ndinazindikira kuti ndinamulera, ndinamuphunzitsa, ndinamuyendetsa m'makomo a anthu osawerengeka, koma ndinali ndisanakhalepo pansi kucheza naye.

Ndinafunsa chimene chinabwera. "Kodi agalu aja, sumawaopa?"

Anaseka, n'kunena kuti agalu ayi, koma eni ake. Anandisimbira za mayi wina amene ankafuna kuti mphaka wake apatsidwe mankhwala a nkhawa. Ndinaseka mpaka bambo wa m'sitolo anasuzumira. Kuchoka apo nkhani zinayamba kubwera zokha, zina m'Chingelezi, zina m'Chichewa, zina zosakaniza. Anandiuza za galu woyamba amene anamubaya jakisoni womugonetsa kuti asadzukenso, wa bambo wina wokalamba wokhala yekha, ndi mmene analirira m'galimoto asanabwere kunyumba. Ndinalikumbukira tsikulo. Anafika maso ali ofiira, ine n'kumufunsa ngati wadya.

Anandiuzanso kuti chaka chachitatu ku yunivesite anatsala pang'ono kusiya. Kalata anali atalemba kale. Ankatuluka m'mawa ngati akupita m'kalasi, n'kumangozungulira pa sitima ya pansi pa nthaka, kudutsa siteshoni ya Hillhead, ya pafupi ndi yunivesite, osatsika, kwa sabata yathunthu.

"Bwanji sunatiuze?"

"Munali ndi za anthu zambiri, adadi. Nthawi imeneyo munkayendetsa za maliro aja, kutumiza thupi kumudzi. Ndinaona ngati zanga ndi zazing'ono."

Sananene mondiimba mlandu. Ananena monga munthu amanenera za mvula ya chaka chatha. Koma ine mtima unandiwawa kwambiri, moti ndinayang'ana kutchalitchi kuja kuti asaone nkhope yanga. Nditatembenuka ndinamufunsa za Australia, osati za ntchito kapena za nyumba, koma ngati akuopa.

Anazunguza kapu yake patebulo. Anati inde, akuopa, ndipo sanauzepo aliyense, ngakhale amayi ake. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, akufunafuna mawu, akuima, n'kuyambiranso.

Ali mkati molankhula ndinamva injini. Khutu la dalaivala silinama. Basi yathu inatulukira pakona kuseri kwa tchalitchi, kumbuyo kwa mwanayo, pa nthawi yake yeniyeni, koyamba sabata yonseyo. Inaima pa siteji n'kutsegula zitseko. Tikanaimirira pomwepo tikanaipeza bwinobwino. Dalaivala anatiyang'ana, alendo awiri okha pabwalo lonselo, n'kudikira pang'ono monga nanenso ndimachitira. Ndinamupukusira mutu pang'ono, mwana osaona. Zitseko zinatsekeka.

"Pitiriza, mayi," ndinatero. "Ndikumva."